Ziboliboli za Rodin zimafuna mdima

Chaka chilichonse, Loweruka lina la pakati pa mwezi wa May, mamyuziyamu ambiri ku France satseka zitseko dzuwa likalowa. Anthu amalowa ulere mpaka cha pakati pa usiku. Mwambowu umatchedwa Nuit des musées, ndipo unduna wa zachikhalidwe wa dzikolo unauyambitsa mu 2005, mzinda wa Berlin utayamba kale zoterezi mu 1997. Lero mayiko ambiri a ku Ulaya amachita nawo.

Kwa wokonda zithunzi zopachika pakhoma, phindu la usikuwu n'kulowa osalipira basi, poti pansi pa babu chithunzi sichisintha, kaya ndi masana kaya usiku. Ziboliboli ndiye nkhani ina, makamaka za ku Musée Rodin ku Paris, imene inatsegulidwa mu 1919, patatha zaka ziwiri mmisiri wa ziboliboli Auguste Rodin atamwalira. Zambiri zotchuka zili panja m'munda wa nyumbayo.

Rodin sankakonda kusema mwala yekha. Ankaumba ndi dongo, amisiri ena n'kutsanzira ntchitoyo pa mwala kapena kuthira mkuwa wosungunula m'chikombole. Ndipo sankasalaza. Mabampu ndi maenje amene zala zake zinasiya pa dongo alipobe pa mkuwapo. Masana kuwala kumagwa ponseponse, maenjewo n'kubisika. Koma nyali imodzi ikaunika kuchokera kumbali, chiboliboli cha Le Penseur, munthu uja wakhala pansi chibwano chili pa dzanja, chimasintha. Minofu ya kumsana imatukuka, ndipo umaona kuti zala za kumapazi zakanirira pa mwala. Munthuyu sakupuma ayi, akuganiza ndi thupi lonse. Ukasuntha pang'ono nkhope imasinthanso, ngati ya munthu amene akuwotha moto madzulo.

Zimenezi anthu akale ankazidziwa. Wolemba wa ku Germany, Goethe, anafotokoza za alendo amene ankayendera ziboliboli za ku Vatican usiku atanyamula miuni, m'zaka za m'ma 1780. Magetsi atabwera, mwambowo unazilala. Choncho zimene mamyuziyamu akuchita lero n'kubwerera ku zakale, ngakhale kuti ena amawonjezerapo nyimbo ndi magule mpaka ziboliboli zenizenizo n'kuiwalika. Pamenepo ndiye amalakwitsa. Chiboliboli chimangofuna nyali yabwino ndi malo oti munthu achizungulire.

Umboni waukulu ndi wa chiboliboli cha wolemba mabuku Honoré de Balzac. Bungwe la olemba, Société des Gens de Lettres, linapatsa Rodin ntchitoyo mu 1891. Atachionetsa mu 1898, munthu atadzikulunga mu mkanjo, mutu utapendekera kumbuyo, anthu anachiseka ndipo bungwelo linachikana. Rodin anangochitengera kwawo ku Meudon. Mu 1908 wojambula zithunzi Edward Steichen anachijambula panja usiku, mwezi wokha ukuwala, chithunzi china n'kumutengera pafupifupi ola lathunthu. Pa zithunzizo zimene ankaziseka zija sizioneka, pamangooneka chimunthu chachitali, chakuda bii, chitaima mwamphamvu. Rodin anakondwa nazo kwambiri.

Mwini wakeyo sanaone Balzac wake ataima pa msewu. Chibolibolicho anachithira mkuwa n'kuchiimika m'mbali mwa boulevard Raspail, ku Montparnasse, mu 1939, Rodin atatha zaka 22 ali m'manda.