Musanapereke ndalama zanu, funsani chilolezo

MILANGE — Nyengo yokolola ikafika, ndalama zimayenda kwambiri m'boma lino. Alimi a ku Majaua, ku Mongue ndi a m'mphepete mwa phiri la Tumbine amagulitsa chimanga, nandolo, nyemba ndi fodya, ena kwa amalonda ochokera ku Mocuba ndi ku Quelimane, ena kwa a ku Malawi olowera pachipata cha Muloza. Mlimi akalandira ndalama zake, kaya ndi metikali kaya ndi kwacha, funso limatsala ndi limodzi: azisunga kuti, ndipo azisungitsa kwa yani?

Akuluakulu akukumbukira kuti nkhondo itatha mu 1992, anthu obwerera kuchokera ku Malawi sanapeze banki pafupi. Ndalama zinkasungidwa m'chitini, pansi pa mphasa kapena kudenga, komwe chiswe, moto ndi akuba zinkazipeza. Lero zinthu zinasintha. Kuli mabanki, kuli ndalama za pafoni, kulinso anthu okhala m'magolosale ndi m'misika amene amalandira ndi kupereka ndalama m'dzina la banki kapena la kampani ya foni. Koma si onse onena kuti ndi a banki amene alidi a banki.

M'dziko muno munthu sangangodzuka n'kutsegula banki monga atsegulira golosale. Chilolezo chimachokera ku Banco de Moçambique, banki yaikulu ya Boma imene inakhazikitsidwa mu 1975. Lamulo nambala 20/2020 likunena kuti amene alibe chilolezocho saloledwa kulandira ndalama za anthu kuti azisunge. Ofuna kutsegula banki amayenera kuonetsa eni ake, oyendetsa ake ndi komwe chuma chawo chachokera. Mu 2017 banki yaikuluyi inakweza chuma choyambira banki kuchoka pa metikali 70 miliyoni kufika pa metikali 1,700 miliyoni. Akapatsidwa chilolezo, kampaniyo imalembedwanso m'kaundula wa makampani, ndipo dzina lake limalowa m'ndandanda wa Banco de Moçambique.

Kukhwimitsa kotereku kuli ndi chifukwa. Dziko lino linaonapo mabanki akugwa. Banco Popular de Desenvolvimento, imene alimi ambiri ankaidziwa, inagulitsidwa mu 1997 n'kukhala Banco Austral, ndipo patangopita zaka zochepa inamira m'ngongole zosabwezedwa. Mu Novembala 2016 Banco de Moçambique inatseka Nosso Banco. Pa nthawiyo thumba loteteza osunga ndalama, lotchedwa Fundo de Garantia de Depósitos, linkabwezera munthu aliyense ndalama zosapitirira metikali 20,000. Zinali zochepa kwa amene anasunga zambiri, komabe olembedwa m'mabuku a bankiyo anali ndi kokadandaula. Amene wapereka ndalama kwa munthu wosalembetsa alibe thumba lililonse lomuteteza.

Popeza banki singamange nyumba m'mudzi uliwonse, mu 2015 Banco de Moçambique inatulutsa malamulo olola mabanki kugwira ntchito kudzera mwa nthumwi, zimene pa Chipwitikizi amati agente bancário, ife timangoti ajenti. Ajenti amakhala wamalonda wodziwika kale, wokhala ndi mapepala a malonda ake, amene wasainirana pangano ndi banki. Iyeyo si banki ayi, ndi dzanja chabe la banki. Mukaika ndalama kwa iye, zimayenera kulowa mu akaunti yanu nthawi yomweyo, ndipo banki imene inamutuma ndiyo imayankha pa ntchito imene iye wagwira m'dzina lake. Ndi mmenenso zilili ndi ma ajenti a mKesh, imene inayamba mu 2011, a M-Pesa, imene inafika kuno mu 2013, ndi a e-Mola. Makampani a ndalama za pafoniwa nawonso amayang'aniridwa ndi Banco de Moçambique.

Nanga ajenti weniweni mungamudziwe bwanji? Choyamba, pamalo pake pamakhala chikwangwani cha banki kapena kampani imene amaiimira, pamodzi ndi nambala yake. Chachiwiri, mtengo wa ntchito iliyonse ndi woikidwa ndi kampaniyo, osati wongoganizira iye. Chachitatu, mukaika kapena kutapa ndalama mumalandira lisiti kapena uthenga pafoni yanu. Musachoke uthengawo usanafike, ngakhale atakuuzani kuti netiweki yavuta ndipo adzakutumizirani madzulo. Chachinayi, ajenti safunsa nambala yanu yachinsinsi. Nambala imeneyo ili ngati kiyi wa nkhokwe: sapatsa mlendo, ngakhale waulemu chotani.

Chenjeraninso ndi anthu oyenda m'midzi nthawi yokolola, olonjeza kuti mukawasungitsa ndalama zidzaswana kawiri pamwezi. Oyamba kulowa amalandiradi, koma amalandira ndalama za obwera pambuyo. Olowa akachepa, mwini wake amazimiririka, ndipo malire ali pafupi. Chipereganyu cha anthu odziwana, chimene kumwera amati xitique, ndi nkhani ina, chifukwa ndalama zimazungulira pakati pa eni ake omwe. Koma mlendo wosonkhanitsa ndalama za mudzi wonse ayenera kuonetsa chilolezo, ndipo mafumu ndi alembi a m'midzi ali ndi ufulu womufunsa. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Nkhani ya kwacha nayo ndi yofunika kuno kumalire. Ambiri amasintha ndalama kwa anyamata a pamsewu chifukwa ali pafupi, koma lamulo limalola ntchitoyi kwa mabanki ndi nyumba zosinthira ndalama zokhala ndi chilolezo zokha. Mukapatsidwa ndalama zachinyengo pamsewu, mulibe pepala lokaonetsa kupolisi. Kusunga kwacha m'nyumba nakonso kuli ndi ngozi yake. Mu Novembala 2023 dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anagulitsa chimanga n'kusunga kwacha anapeza kuti thukuta lawo lachepa mtengo ali m'tulo.

Kwa wamalonda amene akufuna kukhala ajenti, kapena gulu la alimi lofuna akaunti ya gulu, njira imayambira pa mapepala. Pafunika chitupa cha BI ndi nambala ya msonkho ya NUIT, imene imaperekedwa ulere ndi Autoridade Tributária. Pafunikanso chilolezo cha malonda. Ofesi ya zachuma ya boma lino, ya SDAE, imalongosola za chilolezochi, ndipo ku Quelimane kuli ofesi ya BAÚ imene inakhazikitsidwa kuti munthu asamayende maofesi ambiri. Wina akadzipereka kukuyenderani mapepalawa, muuzeni akubweretsereni lisiti ya Boma pa ndalama iliyonse imene mwalipira, ndipo onetsetsani kuti dzina lolembedwa pa mapepalawo ndi lanu.

Ajenti akakulakwirani, sungani lisiti kapena uthenga wa pafoni, kadandauleni kaye ku banki kapena kampani imene inamutuma. Mukapanda kuthandizidwa, nkhaniyo mungaitengere ku Banco de Moçambique, imene ili ndi nthambi ku Quelimane ndipo imalandira madandaulo a anthu osunga ndalama.