Kafukufuku wosapsa ali pamsika

Mukamva pawailesi kuti "asayansi apeza", kodi mumafunsa kuti zomwe apezazo waziunika ndani? Ine ndimafunsa, poti masiku ano kafukufuku wambiri akumaphulidwa asanapse.

Mwambo wake ndi uwu. Katswiri akamaliza kafukufuku amatumiza ku magazini ya sayansi, akonzi n'kupatsa akatswiri anzake awiri kapena atatu kuti asakemo zolakwa. Zimatenga miyezi, mwinanso chaka. Mu 1991 Paul Ginsparg wa ku Los Alamos, ku America, anati zodikirazo ayi. Anatsegula nkhokwe ya pakompyuta, lero yotchedwa arXiv, momwe katswiri amaikamo pepala lake aliyense n'kuwerenga ulere. Pepala lotere amati preprint. Azachipatala anayamba akayika, paja kwawoko nkhani ndi ya miyoyo, moti nkhokwe yawo, medRxiv, inadzatsegulidwa mu 2019.

Posakhalitsa Covid-19 inagwa. Akatswiri a ku Oxford anapeza kuti dexamethasone, mankhwala akalekale otchipa, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina. Analengeza pa 16 June 2020, preprint n'kutuluka pa 22 June. Magazini inasindikiza mu July, madokotala atayamba kale kupulumutsa anthu.

Ndiye ine sindinganene kuti nkhokwezi zitsekedwe. Ndipotu ngakhale magazini zotchuka zimapusitsidwa: The Lancet inabweza yokha nkhani yake ya hydroxychloroquine mu June 2020 momwemo.

Komatu amangwetu, walira mvula walira matope. Mu November 2020 madokotala ena a ku Egypt anaika pepala pa nkhokwe ina, Research Square, lonena kuti ivermectin, mankhwala a njoka zam'mimba, amachepetsa imfa za Covid-19 ndi 90 pa 100. Eti 90! Pepalalo linawonjezera moto pa mphekesera za mankhwalawa, ndipo ku South Africa ena anafika pomwa ivermectin wa ziweto.

Anatulukira chinyengo ndani? Osati pulofesa ayi, koma wophunzira wina ku London yemwe anapatsidwa pepalalo ngati ntchito ya m'kalasi. Anapeza ndime zokopera kwa ena. Akatswiri atafukula ziwerengero anapeza odwala omwewo atalembedwa mobwereza, ena atamwalira kafukufukuyo asanayambe n'komwe.

Research Square inachotsa pepalalo mu July 2021. Apo n'kuti litakhala poyera miyezi isanu ndi itatu, ofufuza ena atalowetsa kale ziwerengero zake m'mapepala awo.