ZOMERA ZOSAFUNA MADZI: ZOKONGOLA PAKHOMO, KOMA CENJERANI NAZO

Livingstone ndi tauni yotentha. Mvula imene igwa kuno pa caka cathunthu ingofika mamilimita 700 kapena kucepera, nthaka yake ndi mcenga, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 35. Kapinga ndi maluwa ofuna kuthirira tsiku ndi tsiku savuta kuuma. Ambiri a ife tikumbukira cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Nkosadabwitsa tsono kuti m'mbali mwa mseu wa Mosi-oa-Tunya, pa malo ogona alendo, ndi m'makomo a ku Maramba, Dambwa, Linda ndi Libuyu muona zomera za masamba onenepa ndi za minga zitabzalidwa m'mateyala akale, m'zitini ndi m'miphika ya simenti.

Zomera izi zisunga madzi m'thupi mwao, motero zipirira cilimwe conse. Kuzibzala ndi nzeru. Koma ife a ku cipatala tiona mbali ina imene wogulitsa maluwa sakuuzani. Pofuna kudziteteza kwa mbuzi ndi nyama za m'chire, zomerazi zina ziri ndi minga, zina utomoni wowawa, zina poizoni weniweni.

MKAKA WA NKHADZE M'MASO

Ngozi yaikulu koposa icokera ku nkhadze ndi abale ake. Nkhadze tonse tiidziwa: makolo athu anali kucinga nayo midzi, makola ndi manda, ndipo ena anali kuphera nsomba. Abale ake ndi mtengo waukulu wa nthambi zoloza kumwamba ngati makandulo umene umera m'miyala kufupi ndi Zambezi, ndiponso kaluwa ka minga ka maluwa ofiira kocokera ku Madagascar, kamene ambiri akacha Christ thorn. Azungu aikidi zonsezi m'banja limodzi lochedwa Euphorbia. Cizindikiro cao ndi cimodzi: mukathyola kanthambi, pamatuluka mkaka woyera.

Mkaka umenewu ukagwera pa khungu utentha ndi kutulutsa matuza. Ukalowa m'diso uocha kakhungu koonekera ngati galasi kamene kaphimba mboni ya diso. Coipa cake ncakuti ululu ukulirakulira m'kupita kwa maola. Usiku diso lifiira, litupa, misozi siileka, ndipo munthu alephera kuyang'ana kuwala. Amene tiwalandira kawirikawiri ndi anyamata a ganyu odula mipanda, amai osesa pabwalo, ndi ana amene aseweretsa mkakawo ngati guluu. Nthawi zambiri mkaka sudumphira m'diso mwacindunji ai. Munthu augwira ndi dzanja, ndipo pambuyo pake apukuta thukuta.

Zikacitika, citani izi mosacedwa. Sambani m'manja ndi sopo. Goneketsani wodwala cammbali, diso lovulala likhale pansi kuti madzi asayenderere ku diso labwino. Tsegulani zikope ndi zala, ndi kuthira madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 20 kapena 30, wodwala akuyendetsa diso uku ndi uku. Musatikite. Musathiremo mkaka wa m'mawere, mkodzo, shuga, madzi a masamba kapena mankhwala a maso amene anatsala kwa munthu wina. Mankhwala ena a maso ali ndi mphamvu yokulitsa cironda m'malo mocipoletsa. Mukatha kutsuka, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo tengani kanthambi ka comeraco m'pepala la pulasitiki kuti tidziwe cimene tilimbana naco. Ku cipatala tidontheza mankhwala acikasu oonetsa ngati galasi la diso lanyuka, ndipo cironda cikakhala cacikulu titumiza wodwala kwa a maso ku cipatala cacikulu. Ambiri amene atsuka msanga ndi kubwera msanga aona bwino patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Wocedwa angathe kutsala ndi cipsera pa diso moyo wake wonse.

Dziwaninso kuti thandizo loyambali ndi lomwelo njoka yolavula ikakulavulirani m'maso. Njoka imeneyi iri yambiri kuno ndipo ikonda kubisala m'miyala yoikidwa pakati pa maluwa.

TEMBUSHA SI MANKHWALA A MATENDA ONSE

Alovera, imene ambiri muno mu Zambia aicha tembusha, ipezeka pafupifupi pakhomo pali ponse. Ina ya mtundu wa kuno imera yokha m'matanthwe a kumunsi kwa mathithi, ndipo icita maluwa ofiira m'nyengo yozizira. M'tsamba lake muli zinthu ziwiri zosiyana. Pakati pali mnofu woterera wopanda mtundu. Pansi pa khungu pali madzi acikasu owawa kwambiri.

Mnofu wa pakati uziziritsa khungu lopsa ndi dzuwa kapena lopsa pang'ono pamene palibe cironda cotseguka. Ngakhale tero, munthu akapsa, coyamba ndi kuthira madzi ozizira kwa mphindi 20. Ngati malo opsawo aposa cikhato ca wodwalayo, ngati ali kumaso, m'manja kapena kumaliseche, kapena ngati wapsa ndi mwana wamng'ono, musapake kanthu. Phimbani ndi nsalu yoyera ndi kubwera naye.

Madzi acikasu aja ndiwo abvuta. Ambiri awaviika m'botolo ndi kumwa m'mawa uli wonse ati kutsuka m'mimba, kutsitsa shuga kapena BP. Madziwa atsegula m'mimba mwamphamvu. Pamodzi ndi madzi a m'thupi, munthu ataya mcere wochedwa potaziyamu umene mtima uufuna kuti ugunde bwino. Kwa amene akumwa mapiritsi okodzetsa kapena a mtima, ndi amene ali ndi bvuto la impso, ici ndi coopsa. Wa matenda a shuga akaphatikiza tembusha ndi mapiritsi ake, shuga angatsike mopitirira mpaka kukomoka. Ku America, bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linaletsa mu 2002 kugulitsa alovera ngati mankhwala otsegula m'mimba a pa sitolo. Amai apakati, amai oyamwitsa ndi ana asamwe konse. Tembusha saciritsa malungo, TB, khansa kapena HIV. Amene muli pa ma ARV, musaleke mankhwala anu cifukwa ca botolo logulidwa pa msika, ndipo ngati mukumwa za zitsamba, tiuzeni mosabisa. Sitidzakukalipirani, tifuna cabe kudziwa.

MINGA YA MADOLOFIYA

Madolofiya, a masamba ophwathalala ngati zikhato, kwao ndi ku Mexico. Zipatso zake zidyedwa ndipo ndi zabwino. Koma pa khungu lake pali timinga tating'ono ngati ubweya timene tikalowa sititulukanso tokha. Zulani timene muona ndi kapani, ndipo totsalato mamatizani selotepu ndi kumatula kangapo. Musayamwe ndi pakamwa. Mwana akadya zipatsozi zambiri nthawi imodzi, njere zake ziunjikana m'matumbo ndipo alephera kucita cimbudzi. Ziwiri kapena zitatu zikwana, ndi madzi akumwa.

Munga waukulu, ngati wa khonje, ukalowa mozama ungathyokere m'kati. Malowo akayamba kutupa, kufiira ndi kutentha, kapena ngati munga walasa pa mfundo ya cala kapena pa bondo, bwerani. Tidzafunsanso za katemera wa kafumbata, pakuti kacirombo kake kakhala m'dothi ndi m'manyowa. Wa matenda a shuga asayende wopanda nsapato m'dimba, cifukwa kacironda ka phazi kangamdulitse mwendo.

ZOSAYENERA KULOWA M'KAMWA

Desert rose, kamtengo ka tsinde lonenepa ndi maluwa ofiirira kamene kakondedwa m'miphika ya pakhonde, kali ndi poizoni wosokoneza mtima. Mitundu ina ya anthu muno mu Africa inali kupaka utomoni wake ku mibvi. Cina ndi mother of millions, ca masamba a mawanga cimene cigwetsa tiana tambiri pansi ndi kufalikira msanga. Ico cimapha ng'ombe ndi mbuzi zikacidya. Mwana akatafuna cimodzi mwa izi, cotsani zotsala m'kamwa, mtsukeni, musamsanzitse ndi cala kapena madzi a mcere, ndipo thamangani naye ku cipatala ngakhale aoneke bwino.

BZALANI MWANZERU

Sitinena kuti muzule zonse. Bzalani za mkaka ndi za minga kutali ndi khomo, njira, ndi malo osewerera ana. Aphunzitsi akulu ndi eni masukulu a mkaka ayendere mabwalo ao sabata ino. Podula mpanda wa nkhadze bvalani magalasi, magolovesi ndi malaya a manja aatali, ndipo inu olemba ganyu, mpatseni mnyamatayo zinthu izi asanayambe nchito. Musadule tsiku la mphepo. Nthambi zodulazo musaziike pa moto wophikira, utsi wake uwawa m'maso ndi pa cifuwa, zikwirireni m'dzenje. Tayani madzi otsala m'timbale ta pansi pa miphika kuti udzudzu usaswane. Ndipo phunzitsani mwana ali yense lamulo limodzi losabvuta kukumbukira: comera cotulutsa mkaka woyera sacigwira, ndipo akacigwira asambe m'manja ndi sopo asanakhudze kumaso.