Katuni ikakusokonezani, funsani kuti maso ndi a ndani

Pa sekondi imodzi ya kanema pamadutsa zithunzi 24. Amene amajambula anthu enieni ndi kamera sada nayo nkhawa nambala imeneyi, chifukwa makina amawatolera zonse: nkhope ya wosewera, khoma la kumbuyo kwake, ngakhale ntchentche yongodzidutsira. Ife opanga makatuni oyenda, aja ambiri amangowatchula kuti zidole, mwayi umenewo tilibe. Ntchentche ikaoneka m'katuni, dziwani kuti wina anakhala pa tebulo n'kuijambula, wina anaipaka mtundu, ndipo mkulu wa ntchitoyo anavomera kuti ndalama ipite pa ntchentcheyo. Kwathu kulibe cholowa mwangozi.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya makatuni a akuluakulu, makamaka aja oti ukawaonera umatsala kukamwa kuli yasa: khoma likusungunuka, munthu wamkulu akucheza ndi chidole, nkhope za anthu zikufufutika. Ndamvapo ena akuti opanga zoterezi amayamba asuta chamba, ena akuti n'zausatana, ena amangoti n'zopanda mutu n'kusintha tchanelo. Koma gawo limodzi la mphindi zopitirira pang'ono 20 limadya zojambula masauzande, ndipo limadutsa m'manja ambirimbiri kwa miyezi. Woledzera sangaifikitse kumapeto ntchito yotere. Chachilendo chilichonse chimene mwaona chinakambidwa, chinaikidwa pa storyboard, lija pepala la timabokosi losonyeza zithunzi motsatana, ndipo chinalipiridwa. N'chifukwa chake ine ndikakumana ndi chachilendo ndimadzifunsa funso limodzi lokha: pano ndikuonera m'maso mwa ndani?

Amene anandiphunzitsa funsoli, kudzera m'ntchito zake, ndi Satoshi Kon wa ku Japan. Anapanga mafilimu anayi aatali, kuyambira Perfect Blue wa mu 1997 mpaka Paprika wa mu 2006, ndi sewero limodzi lokha la pa TV, Paranoia Agent, lomwe linaonetsedwa mu 2004 m'magawo 13. Anamwalira mu 2010 ndi khansa ya kapamba ali ndi zaka 46. Ndiulula mathero a seweroli, mundikhululukire. Silikhala losukuluka chifukwa choti wadziwa kumene likupita.

Ku Tokyo kuli mtsikana, Tsukiko Sagi, amene anapanga Maromi, kagalu kapinki ka maso otulumuka komwe kagwira msika. Mabwana akufuna kena katsopano, tsiku lopereka ntchito layandikira, mutu wake uli mbee. Usiku wina akubwerera kunyumba akuvulazidwa, ndipo akuuza apolisi kuti wam'menya ndi mnyamata wovala nsapato zamateyala zagolide, wonyamula chibonga cha baseball chopindika. Posakhalitsa ena ayamba kumenyedwa: mtolankhani womira m'ngongole, mwana wa sukulu amene anzake am'tembenukira, mayi wophunzira bwino amene m'thupi mwake mukukhala anthu awiri osagwirizana, wapolisi wakatangale. Ofufuza milandu awiri, Ikari ndi Maniwa, akuzindikira chinthu choopsa. Onse omenyedwa anali atapanikizika mpaka kusowa kolowera, ndipo chibonga chitawagwera, nkhope zawo zinaoneka zopepukidwa. Wovulala safunsidwanso za ntchito kapena ngongole. Amangomveredwa chisoni.

Choona chake n'chakuti mnyamatayo kunalibe. Tsukiko ali mwana anali ndi kagalu kenikeni dzina lake Maromi. Tsiku lina m'mimba mutam'pota anataya chingwe, galimoto n'kukagunda kagaluko. Poopa bambo ake, anapeka kuti mnyamata wa chibonga ndiye wapha galu. Bodza la mwana lija linagona zaka, n'kudzadzuka pamene mwini wake anapanikizikanso.

Tsono taonani ntchito ya mmisiri. Mufilimu ya anthu enieni, maloto amakhala ndi chizindikiro: chithunzi chimachita chimbuuzi, nyimbo imasintha, woonera n'kudziwa kuti apa n'zam'mutu. Kon anakana kutipatsa chizindikirocho. Mnyamata wa chibonga anamujambula ndi mzere womwewo, mthunzi womwewo, kulemera komweko ngati wapolisi amene akumusaka. Papepala chenicheni ndi chongoganiza zonse ndi inki imodzi, ndipo Kon anadziwa kuti diso lathu likhulupirira zonse mofanana, monga mmene Tsukiko anakhulupirira bodza lake. Woonera akuti wasokonezeka, koma kumeneko ndiye kufika: walowa m'mutu mwa mtsikanayo osadziwa kuti walowa liti.

Gawo lachisanu ndi chinayi ndi la amayi a m'mafulati ataima panja, aliyense akufuna kuposa mnzake ndi nkhani ya mnyamata uja. Nkhani iliyonse ikujambulidwa ngati yoona, ngakhale yosatheka kwenikweni. Pamene mphekesera zikukula, mnyamatayo nayenso akukula thupi, mpaka kumapeto asanduka chimdima chokuta mzinda. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, mmene chinthu chosaoneka chinaphetsera anthu enieni, sangavutike kumva zimene Kon ankanena.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya Ikari. Wachotsedwa ntchito yaupolisi, mkazi wake Misae akudwala mwakayakaya, dziko latsopanoli sakulimvetsa. Akuthawira m'tauni ya m'maganizo, Japan wa ubwana wake, kumene wakuba amaoneka kuti ndi wakuba ndipo wapolisi amalemekezedwa. Kon anajambula tauni imeneyo ngati ya mapepala odula: anthu afulati, opanda kumbuyo, oyenda mongogwedera. Ikari yekha ndi Tsukiko ndiwo ali ndi thupi lodzaza. Palibe amene akutiuza ndi mawu kuti chikumbutso cha makedzana chimenechi n'chabodza. Kupyapyala kwa mapepalako kwanena kale. Ndipo Ikari atavomereza kuti mkazi wake wapita, akutola chibonga n'kuswa tauniyo, imene ikuphwanyika zidutswazidutswa. Kuti kamera ichite zimenezi, ingafune ndalama zankhaninkhani, ndipo zikhoza kuoneka zoseketsa. Wojambula amangosintha kajambulidwe, mtima wa munthu n'kuonekera poyera.

Ku America njira yomweyi inagwiritsidwa ntchito m'sewero looneka ngati lanthabwala, BoJack Horseman, limene Raphael Bob-Waksberg analiyambitsa pa Netflix mu 2014 n'kutha mu 2020. Maonekedwe a anthu ndi nyama zake anakonza ndi Lisa Hanawalt. BoJack ndi hatchi yoyenda ndi miyendo iwiri, katswiri wakale wa pa TV amene kutchuka kunam'thera, chidakwa, wopweteka aliyense amene wam'konda. Ambiri amafunsa kuti hatchi yalowapo bwanji. Yankho langa monga wojambula n'lakuti nkhope ya nyama imachititsa woonera kumasuka. Munthu weniweni akamachita zimene BoJack amachita, timam'weruza msanga n'kudzipatula. Hatchi timaiseka kaye, timaiyandikira, kenaka tizindikira mochedwa kuti makhalidwe akewo tikuwadziwa, mwina ndi a m'nyumba mwathu momwe.

Gawo lake la mu 2017 lotchedwa Time's Arrow ndi limene ndimaonetsa achinyamata ofuna kuphunzira ntchitoyi. Tili m'mutu mwa Beatrice, mayi ake a BoJack, amene ukalamba wawabweretsera matenda oiwala. Akukumbukira phwando la utsikana wawo, koma alendo ambiri alibe nkhope, pamaso pawo pali see. Zilembo za pa zikwangwani zikusinthana malo. Zaka zikulumphana popanda chenjezo, chitseko chimodzi chikutsegukira ku nthawi ina. Ndipo pali Henrietta, mtsikana wantchito amene mwamuna wa Beatrice anam'patsa mimba. Iyeyo nkhope ali nayo, koma yakhwatchidwakhwatchidwa ndi mizere yakuda yonjenjemera. Onani kusiyana kwake. Nkhope yosalala ndi ya munthu amene ubongo wam'taya. Nkhope yokhwatchidwa ndi ya munthu amene mtima ukukana kumuyang'ana. Mizere ingapo ya pensulo yasiyanitsa kuiwala ndi kudziimba mlandu, popanda dokotala wobwera kudzafotokoza. Pofika kumapeto, mayi wankhanza amene tinkadana naye tamumvetsa, ngakhale seweroli silitiuza kuti timukhululukire. Ine kumeneko ndimakutcha kulemekeza woonera.

Pali chinthu china chimene chimakwiyitsa oonera atsopano: chithunzi kungoima du. Amati opangawo anachita ulesi. Mbiri yake ndi iyi. Pamene Osamu Tezuka anayamba kutulutsa Astro Boy pa TV mu 1963, gawo latsopano sabata iliyonse, kunali kosatheka kujambula zithunzi 24 pa sekondi. Anachepetsa kwambiri: chojambula chimodzi kukhala nthawi ya zithunzi zitatu kapena kuposa, thupi kuima pakamwa pokha n'kumayenda, kamera kuyenda pamwamba pa chojambula chosasuntha. Unali umphawi, koma amisiri a ku Japan anausandutsa chilankhulo. Mu Neon Genesis Evangelion, sewero la Hideaki Anno la mu 1995 ndi 1996, atsikana awiri osamwerana madzi akukwera chikepe limodzi, ndipo kwa pafupifupi mphindi yathunthu palibe wolankhula, palibe wotembenuka. Umayamba kudzifunsa ngati TV yafa. Kenaka umamva kulemera kwa chete ameneyo pachifuwa pako, ndipo mawu oyamba akatuluka amalasa. Magawo awiri omaliza a seweroli anasiya nkhondo ya maroboti n'kulowa m'mutu mwa mnyamata Shinji, malo ena ndi mizere ya pensulo chabe. Oonera ambiri anapsa mtima, ndipo mu 1997 panatuluka filimu yopereka mathero ena. Ine ndili kumbali ya magawo awiri aja, ngakhale ndikuvomereza kuti pena amalankhula mopitiriza muyeso.

Musanditenge ngati ndikuti chilichonse chachilendo n'chozama. Ayi ndithu. Pali makatuni ochuluka amene amadzitcha a akuluakulu chifukwa chotukwana, magazi ndi zolaula basi, maganizo ake ndi a mwana wa Fomu 1. Palinso ena ongounjika zithunzi zodabwitsa kuti aoneke anzeru. Muyeso wanga ndi wosavuta. Chotsani chachilendocho m'maganizo mwanu, muone ngati nkhani yatsala yathunthu. Ikatsala yathunthu, chinali chokongoletsera chabe. Koma chotsani mizere yakuda pankhope ya Henrietta, kapena mupatse anthu a m'tauni ya Ikari matupi odzaza, muona kuti nkhani yagwa, chifukwa chachilendocho ndiye chinali msana wake.

Ndinenepo za anthu amene ali kuseri, poti ndi anzanga. Wina amajambula zithunzi zikuluzikulu za kayendedwe, pamene dzanja layambira ndi pamene lathera. Wina amadzaza zapakati, ntchito yotopetsa imene ku Japan imadziwika ndi malipiro ochepa. Wina amapenta malo okhaokha, misewu ndi zipinda, wina amayang'anira kuti nkhope isasinthe kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Ku America mawu amajambulidwa kaye, ojambula n'kutsatira mpweya wa wosewera. Ku Japan kawirikawiri mawu amabwera pambuyo. Kon anapereka gawo lakhumi la Paranoia Agent kwa anthu amenewa: situdiyo ikuthamangitsana ndi nthawi, Maromi akufotokoza udindo wa aliyense, kwinaku mnyamata wa chibonga akuwatola mmodzimmodzi. Aliyense amene anagonapo pansi pa tebulo la ntchito podikira kuti kompyuta imalize kutulutsa zithunzi amaonera gawo limenelo mtima uli m'mwamba.

Kwa makolo, mawu anga ndi achindunji. Masewero ndatchulawa akukamba za kudzipha, uchidakwa, chiwerewere ndi matenda a maganizo. Kuona kuti ndi zojambula si chifukwa chom'siyira mwana foni kapena rimoti; yang'anani kaye msinkhu umene walembedwa. Ndipo ngati inuyo muli pa nthawi yovuta m'maganizo, magawo ena ndi olemera, ndi bwino kuonera ndi munthu amene mungakambirane naye.

Kwa ofuna kuyesa, yambani ndi Paranoia Agent, poti ndi lalifupi. Onerani motsatana, gawo limodzi kapena awiri pa tsiku, foni ili patali, chifukwa zambiri zimanenedwa ndi zithunzi pamene pakamwa pali chete. Mukafika poti simukumvetsa, musathamangire pa intaneti kukasaka wokumasulirani. Bwezani pang'ono m'mbuyo, mupeze munthu amene wapanikizika kwambiri m'chithunzicho, muonerenso malowo ngati kuti maso ndi ake.