Moŵa ndi Thupi la Mwana

Ku Hara, m'boma la Karonga, kuli minda yaikulu ya mpunga wothirira. Nthaŵi yokolola ikafika, anyamata ndi atsikana amapeza ndalama pogwira ganyu yomweta, yopuntha ndi yonyamula matumba. Ambiri amagula makope ndi sopo, koma ena amanyengedwa ndi anzawo nakagula kachasu. Kodi moŵawo umachita chiyani m'thupi la mwana?

Moŵa sudikira kugayidwa monga nsima. Ukangofika m'mimba ndi m'matumbo umaloŵa m'magazi, ndipo pakapita mphindi zochepa umakhala utafika ku ubongo. Ubongo ndiwo umalamula maso, miyendo ndi maganizo. Tsono ukafooka, munthu amayenda dzandidzandi, saonanso bwino, ndipo mantha oyenera amamuchokera. Mnyamata wotere angapalase njinga pakati pa mseu waukulu wa M1, kapena kuloŵa m'bwato panyanja mphepo ya mwera ikuwomba.

Ntchito yochotsa moŵa m'magazi ndi ya chiŵindi, ndipo chimaigwira pang'onopang'ono. Ena amati kusamba madzi ozizira kapena kumwa tiyi kumathetsa kuledzera. Zimenezo nzabodza, pakuti chiŵindi sichifulumizidwa. Popeza thupi la mwana nlaling'ono, moŵa umene ungangosangalatsa munthu wamkulu ungamukomole mwanayo. Akasanza ali chikomokere angatsamwe ndi kufa. Nchifukwa chake woledzera wosadzuka sasiyidwa yekha. Amamugoneka chammbali ndi kuitana akulu kuti apite naye kuchipatala.

Palinso vuto lina losaoneka msanga. Ubongo umapitiriza kukula mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25. Alimi a ku Hara amadziŵa kuti mbande zanthete sizipirira zimene mpunga wokhwima umapirira. Ubongo wa mwana ulinso chimodzimodzi. Moŵa umaufooketsa pa kukumbukira, kotero kuti zimene mwana waphunzira lero, maŵa waziiŵala. Ndiponso woyamba kumwa ali wamng'ono amavutika kwambiri kuleka akakula.

Kale moŵa waukali unkagulitsidwa m'timapepala totchedwa masacheti. Tinali totsika mtengo, tosavuta kubisa m'thumba la yunifolomu, ndipo ana ena ankamwera kusukulu komwe. Boma linaletsa masachetiwo m'chaka cha 2015. Malamulo a dziko la Malaŵi amaletsanso kugulitsa moŵa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo wogulitsayo ndiye amaimbidwa mlandu.