Maola awiri a "aliyense aone zake" pa Mangochi: kuyenda wekha osasiyidwa ndi kosita

Chaka chikamatha kuno ku Nselema, magulu a banki m'khonde akagawana ndalama, makwaya ndi achinyamata a ku mpingo kapena ku mzikiti amayamba kusonkherana ya kosita yopita ku nyanja. Msewu wake ndi womwewu wa Bakili Muluzi, kudzera pa Namwera, kutsetsereka mapiri a Chowe mpaka kuoloka mlatho wa Shire kulowa pa boma la Mangochi. Ndipo pa ulendo ulionse imafika nthawi ija tcheya amaimirira kutsogolo n'kunena kuti, "Maola awiri, aliyense aone zake. Tikumane pompano 3 koloko."

Ambiri maola amenewa amathera kumsika, gulu lonse likunenerera usipa wouma pa benchi imodzi. Ena amangogona m'kosita. Amene wati ayende yekha amaoneka ngati wonyada, komanso amamuopseza kuti asiyidwa. Chaka chatha zinandichitikira ineyo: ndinabwerera mochedwa ndi mphindi 40, dalaivala atalusa, amayi ena akundifunsa ngati mafuta ndinagula ndekha. Kuyenda ndekha sikunali kulakwa ayi. Kulakwa kwanga kunali kunyamuka osadziwa mitunda yake.

Choyamba mudziwe kuti pa boma la Mangochi si pa nyanja. Tauniyi ili m'mphepete mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi kumpoto ndi nyanja ya Malombe kumwera. Malo a mchenga omwe timawaona pa zithunzi za pa Facebook, monga Nkopola, ali pa mtunda woposa makilomita 20 pa msewu wa ku Monkey Bay, ndipo Cape Maclear ndiye kutali zedi. Ndi maola awiri okha musayerekeze kukwera minibasi kuti mukaone mchenga nokha. Minibasi imadikira kudzaza, inu nthawi ikukutherani.

Zomwe zimatheka ndi za pafupi ndi mlatho, zoyenda wapansi. Pomwepo pali nsanja ya wotchi yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti yaikulu yochokera pa sitima yankhondo ya Gwendolen. Sitimayi mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya la nyanja komwe pano ndi ku Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Mukayenda pang'ono mupeza nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, momwe muli mbiri ya nyanjayi ndi anthu ake. Zonsezi ola limodzi ndi theka likwanira, ndipo mukakhala nokha mumawerenga zolembedwazo mosathamangitsidwa ndi mnzanu amene akufuna tchipisi.

Tsono musanatsike kosita, panganani ndi tcheya zinthu zitatu. Muuzeni komwe mukupita, osangoti "ndikubwera". Tengani nambala yake komanso ya dalaivala, foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi. Ndipo nthawi yobwerera muichotsere mphindi 20: akati 3 koloko, inu mudziuze kuti 2:40 mukhale mwafika. Izi si zaulemu chabe. Kosita yahayala imafuna kukwera Chowe kusanade, ndipo munthu mmodzi akachedwa, anthu onse amafika ku Nselema usiku, ena kwawo kuli kutali ndi msewu.

Za ndalama, musatenge zonse m'thumba limodzi. Siyani zina pa Mpamba kapena Airtel Money, koma sungani yokwanira kabaza wobwerera. Wakabaza gwirizanani naye mtengo musanakwere, chifukwa mlendo amadziwika ndi kayendedwe. Ngati ndi Lachisanu, kumbukirani kuti Mangochi ngati kwathu kuno, masana ambiri amakhala ku Juma, mashopu ena amatseka kaye.

Chenjezo lalikulu ndi madzi. Mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndiye ngakhale kutenthe bwanji, musatsikire kumtsinje nokha kukasamba kapena kukajambula muli m'madzi. Zithunzi jambulani muli pamtunda. Gulu likakafika kunyanja kwenikweni, sambani pomwe pali anzanu, ndipo pewani madzi odikha a m'bango chifukwa ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Kwa atsikana ndi amayi, kuyenda nokha masana pakati pa tauni si chinthu chachilendo, koma khalani m'misewu ya anthu ambiri, ndipo mnyamata wongobwera n'kudzipereka kuti akuperekezeni "malo abwino" mukaneni mwaulemu.

Kwa inu atcheya, amene wapempha kuyenda yekha musamunyoze. Ingolembani nambala yake ndi komwe wapita, mumuuze nthawi momveka. Ndalama ya ulendo anasonkha nawo, ndipo mwina akabwera ndi amene adzafotokozere ana a m'kositamo kuti mfuti ija ili pafupi ndi mlatho inachokera kuti.