Mayi Sumangala, Wotembenuzira Ana Nthano za Makolo

Kumwera kwa dziko la India, m'mbali mwa nyanja ya kumadzulo, kuli chigawo chotchedwa Kerala, chimene chinakhazikitsidwa m'chaka cha 1956 posonkhanitsa anthu a chinenero chimodzi, ndicho Chimalayalam. Kumeneko kunabadwa mayi amene inu, ofuna kukaphunzitsa ana aang'ono, muyenera kumva za ntchito yawo. Dzina lawo lenileni linali Leela Nambudiripad, koma pa mabuku awo ankalembapo dzina lakuti Sumangala.

Iwo anabadwa pa 16 May 1934 m'mudzi wa Vellinezhi, m'boma la Palakkad. Atate awo, O. M. C. Narayanan Nambudiripad, anali katswiri wa Chisanskrit, chinenero chakale cha anthu ophunzira a ku India, ndipo anamasulira nyimbo zopatulika za Rigveda m'Chimalayalam. Mwana wamkaziyo sanapite ku sukulu zapamwamba. Anaphunzira Chisanskrit pakhomo pa atate ake, nakwatiwa akali wamng'ono monga mwa mwambo wa masiku amenewo.

Tsono chimene chinawayambitsa kulembera ana sichinali chachikulu ayi. Mwana wawo wamkazi ankapempha nthano tsiku ndi tsiku, ndipo nthano zonse zimene amake ankazidziwa zitatha, iwo anayamba kupeka zawo za mphaka wotchedwa Kurinji. Nthanozo pambuyo pake zinakhala buku la Kurinjiyum Koottukarum, ndiko kunena Kurinji ndi anzake. Zindikirani kuti woweruza wawo woyamba sanali mkulu wa sukulu kapena wosindikiza mabuku, koma kamwana kamene kakanatha kugona nthano ili pakati. Woweruza wotere sanyengeka.

Ntchito imene inabukitsa dzina lawo ndiyo kukamba mwatsopano Panchatantra, buku lakale la Chisanskrit la zigawo zisanu, m'mene nyama zimalankhula ndi kuchenjererana. Amati nthanozo anazikonza mphunzitsi wina, Vishnu Sharma, pofuna kulangiza ana a mfumu amene anali ouma mitu. Mwa izo muli ya kalulu amene anapusitsa mkango naugwetsera m'chitsime pouonetsa chithunzithunzi chake m'madzi, ndipo mwana aliyense wa kwathu kuno angamzindikire kalulu ameneyo msanga. Kutembenuza buku lotere n'kovuta kuposa m'mene ambiri amaganizira, pakuti nthano imodzi imatsekula inzake, inzakeyo nitsekulanso ina, mwakuti mwana angasokere asanabwerere ku yoyamba ija. Kuwonjezera apo, Chimalayalam cha m'mabuku chinabwereka mawu ochuluka ku Chisanskrit, kotero womasulira waulesi angathe kungosiya mawu akalewo monga ali, nadziyesa kuti wamasulira. Mayi Sumangala, ngakhale ankachidziwa bwino Chisanskrit, anasankha mawu amene mwana amamva pakhomo pa amake. Kudziletsa kumeneku, m'kuona kwathu, n'kumene kuli nzeru yawo yaikulu. Pakuti munthu amene wavutikira chinenero cha ophunzira safuna kawirikawiri kubisa kuti amachidziwa.

Chikondi chawo pa mawu a anthu wamba chinaonekanso pamene anasonkhanitsa buku lotanthauzira mawu lotchedwa Pacha Malayala Nighandu, la mawu a Chimalayalam chenicheni. Anamasuliranso Ramayana ya Valmiki kuchokera ku Chisanskrit, nagwira ntchito zaka zambiri ku Kerala Kalamandalam, sukulu ya magule ndi masewero a makolo.

Bungwe la Kerala Sahitya Akademi linawapatsa mphotho m'chaka cha 1979 chifukwa cha buku la nthano la Mithayippothi, dzina lotanthauza kaphukusi ka maswiti. Ndipo mu 2013 bungwe la Sahitya Akademi la dziko lonse la India linawalemekeza pa ntchito yawo yonse yolembera ana. Anamwalira pa 27 April 2021 ku Wadakkanchery, ali ndi zaka 86.